Matebulo Anayi ndi Khomo la Kuseri

Eya, magetsi athawa, ndiye mwakumbukira kuti muli ndi ambuya. Khalani, khalani. Iwe Tamara, kokera mphasa kuno kumthunzi. Foni yakoyo yafa, ngakhale uipukute chotani siidzuka. Dalitso, usakhalire chidebe cha madzi, mpando uli apo. Dzuwa la Okutobala silifuna munthu woyendayenda. Limafuna ukhale pansi, utsinzine pang'ono, uziona msewu ukuvinavina patali ngati madzi. Nthawi yotere zinthu zakale zimabwera zokha, osaziitana.

Mumaidziwa nyumba yodyera ija ya pamsewu wa ku eyapoti, imene atate anu aakulu a Lameki akuyendetsa tsopano. Mumapitako kukapempha vitumbuwa mukaweruka kusukulu, musakane. Koma simudziwa kuti nyumba imeneyo inatsala pang'ono kundilanda ambuya anu aakazi. Lero ndikuuzani.

Ine ndinabadwira kufupi ndi Msoro. Makolo anga anatsika kuchokera kumtunda, cha ku Chipata, atamva kuti kuchigwa thonje limabereka popanda kulinyengerera. Koma khasu silinandikonde, nanenso sindinalikonde. Nditangomera ndevu ndinapita kukapempha ntchito kumakampu a alendo m'mbali mwa Luangwa, ndipo ndinakhala m'khitchini mpaka imvi zoyamba.

Mukamva khitchini mukuganiza za chitofu cha mabatani. Ife uvuni wathu unali dzenje. Tinkakumba pansi, kuthiramo makala a tsanya, kuikamo chitini cha buledi, kuvundikira ndi lata, makala ena pamwamba. Wotchi yathu inali mphuno. Buledi akapsa fungo lake linkayenda ndi mtsinje, mpaka anyani ankatsika m'mitengo n'kukhala chapatali, manja pamaondo, ngati anthu odikira abusa.

Dzuwa likamafiira tinkayala tebulo lalitali pansi pa mvunguti, pamwamba pa gombe. Nsalu yoyera, matambula owala, mafoloko atatu a munthu mmodzi. Kutsidya njovu zinkatsika kudzamwa, mvuu zikuseka m'madzi, alendo akulankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Ine ndinkaima kuseri kwa mpanda wa udzu, chipewa choyera kumutu, ndikusuzumira. Mumtima ndinkati, tsiku lina tebulo lotere lidzakhala langa. Ndinagona nalo loto limeneli, kudzuka nalo, zaka zonsezo.

Ambuya anu aakazi, a Esinati, anali a ku Mnkhanya, Akunda enieni. Tsiku loyamba kuwalankhula ndinayesa Chikunda kuti ndiwakope. Anaseka mpaka anatula mtsuko pansi.

"Lankhulani Chinyanja chanu chomwecho," anatero. "Chikunda chathu mukuchitafuna ngati nzimbe youma."

Anali munthu wa mpunga ndi thonje, wa mawu ochepa, wa maso oona kutali. Titabereka Lameki dzina la Esinati linatha, anthu onse ankangoti Amake Lameki.

Nditasiya ntchito, eni kampu anandipatsa ndalama zotsanzikira. Sindinagwirepo zochuluka chotero. Ndinaziika pamphasa, tonse awiri tikuziyang'ana.

"Atate a Lameki," anatero ambuya anu, "tigule chigayo. Munthu sasiya kugaya, kaya dzinja kaya chilimwe."

"Chigayo? Ine ndi manja awa, ophikira azungu, ndizikhala woyera ndi ufa ngati mzukwa? Timanga resitilanti pamsewu wa ku eyapoti. Mlendo aliyense wotsika ndege amadutsa pamenepo."

"Amadutsa," anatero iwo. "Kodi amaima?"

Ine funso limenelo sindinalimve. Linalowa khutu ili n'kutulukira ili. Ndipo iwo, poona kuti mtima wanga wapita kale, anamasula pachitenje ndalama zawo za thonje la zaka ziwiri, n'kuziika pamwamba pa zanga.

Tinaumba njerwa, tinamanga, tinafolera malata. Kenako ndinakwera lole ya a Mwanza kupita ku Chipata kukagula zinthu. A Mwanza anali dalaivala wamfupi, wa mimba, wokonda kuseka, ndipo ankanditchula kuti a Shefu. Inu lero mumakwera minibasi m'mawa, madzulo mwabwerako, n'kumadandaula kuti mpando unali wothina. Nthawi imeneyo tala kunalibe. Msewu unali mafunde okhaokha, fumbi lofiira mpaka m'mano, ndipo pokwera mapiri lole inkalira ngati ng'ombe yotayika. Ndinagula nsalu zoyera za patebulo, mafoloko, mipeni, matambula, ndi firiji ya palafini. Firiji imeneyi, ana inu, inkazizira ndi moto. Pansi pake pankayaka kalawi kabuluu, kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo m'kati madzi ankauma gwa. Mpaka lero sindimvetsa. Wogulitsa anandichenjeza kuti isagone chammbali, choncho ulendo wonse wotsika mapiri ndinaima kumbuyo kwa lole nditaikumbatira. A Mwanza ankatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa kuti, "A Shefu, Amake Lameki akamva kuti mwapeza wina woyera chonchi!"

Tinatsegula m'nyengo yozizira, pamene alendo amayamba kuchuluka. Matebulo anayi, lililonse ndi nsalu yake, kabotolo ka maluwa pakati. Ndinavala zoyera kuyambira kumutu. Ndinaphika supu, nkhuku yowotcha ndi mbatata, ndi pudini ya mazira. Ndege inatera cha m'ma leveni awazi. Ndinaima pakhomo, manja kumbuyo. Magalimoto opanda denga aja anatulukira, odzaza alendo a zipewa zazikulu. Anandiona. Ena anandibayibitsa, wina anandijambula. Ndipo anadutsa. Fumbi lawo linalowa pakhomo pang'onopang'ono n'kukhala pansalu zanga.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Chinthu chimene ine, munthu wa zaka zonsezo m'makampu, sindinachiganizirepo ndi ichi: mlendo amalipiriratu chakudya chake chonse asanakwere ndege kwawo. Kuloji kukumudikira tebulo lake. Angaimirenji kwa ine Phiri?

Nanga anthu akwathu? Nsalu zoyera zija zinkawaopsa. Tsiku lina sikauti, mlonda wa nyama za m'paki, anafika pakhomo ali ndi njala yooneka. Anayang'ana matebulo, anayang'ana majombo ake a matope, n'kunena kuti, "Pepani, ndasochera." Ndipo anabwerera.

Chakudya cha mtundu umenewu sichidikira mawa. Dzuwa likapendeka ndinkanyamula zonse kupita nazo kunyumba. Atate anu, onse atatu, anakulira pudini. Mukawaona masaya awo lero, dziwani kuti ndi ndalama zanga zotsanzikira zimenezo.

Tsono m'mawa wina a Mwanza anaimika lole, koma sanalowe kutsogolo. Anazungulira kuseri, kumene ambuya anu ankatsuka mapoto pansi pa mtengo wa mango.

"Mwaswera bwanji, amayi? Kapena ndinene mwauka bwanji, poti ine ndayenda kuyambira mbandakucha. Kulibe katiyi kuno? M'katimo ndikuopa kudetsa."

Anawathirira tiyi m'kapu yachitsulo, iwo anakhala pachitsa, anamwa, n'kusiya kandalama pamwala. Mawa lake anabwera ndi anzawo awiri. Sabata isanathe ambuya anu anayamba kukazinga vitumbuwa. Mwezi usanathe panali benchi, poto wa mpunga wa ku Mnkhanya, nyemba, ndi mlamba wa mu Luangwa. Kunkabwera madalaivala, masikauti, amayi a pamsika, aphunzitsi, anyakwawa odikira galimoto, ngakhale anamwino a kukiliniki. Ine kutsogolo ndinkamva kuseka kwawo kukudutsa khoma, nditaima ndi matebulo anga anayi ngati mlonda wa manda.

Usaseke kwambiri, Dalitso, uli ndi mphuno yanga, mwina uli ndi mutu wanganso.

Tsiku lina ndinawadandaulira. "Amake Lameki, anthu anuwo amalipira tindalama ting'onoting'ono. Mbale imodzi yanga ndi mbale zanu zisanu."

Iwo anali akudula nkhuku. Sanadzutse mutu.

"Inu nkhuku mumaigawa pawiri, n'kumadikira anthu awiri amene sabwera. Ine ndimaigawa pasanu ndi panayi. Khosi lili ndi mwini wake, mapazi ali ndi mwini wake, msuzi nawo uli ndi mwini wake. Ndipo onsewo mawa adzamvanso njala."

Ananenanso za tiyi. Tiyi, ana inu, ndiye anamanga nyumba imene mukugonamoyi. Madzi a pamjigo, nkhuni za kutchire, masamba pang'ono, shuga. Nyama imawala m'maso koma phindu lake n'lopyapyala, chifukwa umaigula modula ndipo ikagona yawonongeka. Tiyi sawola. Ndipo munthu akagwira kapu, dzanja linalo limafuna chitumbuwa.

Ndinamva, koma sindinagonje. Ndinkati mlendo mmodzi yekha akalawa supu yanga, adzauza anzake.

Mlendoyo anabweradi, chaka chachiwiri, mwezi ngati uno, dzuwa lili paliwombo. Galimoto ya kuloji inaphulika tayala patsogolo penipeni pa khomo langa. Alendo ena anatsala m'galimoto, koma mayi mmodzi wokalamba, woonda, tsitsi loyera ngati thonje, anatsika n'kulowa. Ndinamukokera mpando. Ndinatchula zakudya zonse m'Chingelezi changa cha m'kampu, chimodzichimodzi, mosathamanga. Iye anamvetsera mpaka ndinamaliza, akumwetulira. Kenako anapempha madzi otentha m'kapu. Madzi okha. Anatulutsa kathumba ka tiyi m'chikwama chake, n'kuviika.

Anamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana kuwala kumene kunkalowa pawindo. Kenako anatsamira khoma, maso anatsekeka, anagona. Ine ndinaima pomwepo, thaulo pamkono. Kunja nyenje zinkalira, malata akutetheka ndi kutentha, kamphepo kakugwedeza ngodya ya nsalu. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinkangoona ngati ndili m'loto langa lija, koma lotolo lachepa, latsala munthu mmodzi wogona ndi kapu ya madzi. Hutala italira anadzidzimuka, anandithokoza, anasiya ndalama pansi pa sosala, n'kupita.

Ndinakhala pampando umene anakhalapo. Aka kanali koyamba kukhala patebulo langa. Kuseri ndinamva ambuya anu akuuza munthu kuti mpunga watha, abwere mawa mofulumira.

Kenako linabwera dzinja. Inu mumalikonda dzinja chifukwa cha mango ndi bowa, koma kwa munthu wa malonda kuchigwa kuno dzinja ndi chilombo. Makampu ambiri ankatseka, antchito n'kubwerera kumidzi kukalima. Ndege zinkachepa. Msewu unkasanduka phala, lole ya a Mwanza inkatha sabata ili m'matope. Dziko lonse linkabiriwira, mitsinje youma ija inkadzuka n'kuyamba kuyenda, achule akuimba usana, koma m'thumba munali zii. Ngakhale benchi ya kuseri inkakhala ndi anthu atatu, anayi. Ndalama zanga zotsanzikira zinali zitatheratu.

Pamenepo anabwera msuweni wanga Yotamu, munthu wa nsapato zosongoka amene anakhalapo ku Lusaka.

"Msuweni," anatero, "muli ndi firiji, muli ndi malata, muli pamsewu. Mukuvutikiranji? Chotsani maluwawa, tiike makireti. Munthu amatha kugona ndi njala, koma ludzu la mowa sagona nalo. Mowa suwola, sufuna nkhuni, sufuna kusenda anyezi."

Ndinauza ambuya anu. Anali akusankha mpunga m'lichero.

"Khoma ili n'lopyapyala," anatero. "Za kutsogolo zidzamveka kuseri."

"Ndi chaka chino chokha," ndinatero.

"Mwaganiza kale," anatero. Ndipo anapitiriza kusankha mpunga.

Mvula itangochepa tinakatenga laisensi, tinabweretsa makireti ndi wailesi ya mabatire asanu ndi limodzi. Nsalu ndinazipinda n'kuziika m'sutikesi. Ndipo ndalama zinabweradi, ndisaname. Kumapeto kwa mwezi, antchito a m'maloji akalandira, thumba linkalemera mpaka lamba kutsika. Ndinkayenda ngati munthu wamkulu.

Koma mvetsani bwino, chifukwa mwina wina wa inu adzakopeka tsiku lina. Ndalama ya mowa imabwera yambiri, koma si yako. Imangogona kwa iwe usiku umodzi ngati mlendo wa paulendo. M'mawa mwini kireti akufuna yake. Mwini lole akufuna yake, ndipo pamapiri paja mabotolo ena amasweka, amenewo ndi ako. Botolo lopanda kanthu likasowa, ulipira. Palafini wa firiji, mabatire a wailesi, mpando umene wina wathyolera mnzake pamsana, zonsezo zimadya pomwepo. Ndipo mwezi uli ndi masiku ambiri, koma masiku a malipiro ndi atatu. Otsalawo umakhala ndi anthu anayi ogawana botolo limodzi, akumvera wailesi yako mpaka mabatire kufooka. Sindikuti bala ya mowa ndi tchimo, ayi. Ndikudziwa anthu amene anaphunzitsa ana ndi bala. Koma imafuna malo akeake, ndi mwini wa mtima wouma amene salawa katundu wake. Yotamu ankalawa. Nanenso ndinayamba kulawa.

Chimene chinawonongeka kwambiri sindinachione msanga. Ambuya anu ankafika mbandakucha n'kupeza magalasi osweka pansi pa mango, ndi fungo kuseri kwa khoma, pafupi ndi pamene ankaphikira. Ankasesa, n'kuthira phulusa. Koma amayi a pamsika anasiya kubwera. Aphunzitsi anasiya. Anamwino ankadutsa kutsidya kwa msewu. A Mwanza okha ndiwo anakhalabe, ndipo tsiku lina anandiuza ali ndi kapu m'manja, osaseka ngati kale, "A Shefu, tiyi wa pano wayamba kununkha zina."

Tsono m'mawa wina, mwezi utangotha, panafika mayi ndi ana atatu, wina kumsana. Anali mkazi wa sikauti uja wa majombo, amene kale ankaopa nsalu zanga. Koma bala mwamunayo sanaiope. Mayiyo anakhazika ana pabenchi, iye n'kukhala pansi. Sanakuwe, sanatukwane.

"Muli bwanji, amayi?" anatero kwa ambuya anu. "Malipiro a amuna anga alowa m'nyumba muno dzulo ndi dzana. Ndiye ndati ana abwere adyere komwe kuli ndalama za atate awo."

Ine ndinali pakhomo la kuseri, mutu ukuwawa. Ambuya anu anatenga mbale zinayi, anapakula mpunga ndi nyemba, anathira tiyi wa mkaka. Anawatsukira ana m'manja iwo eni. Atatha kudya anamangira mayiyo mpunga wosaphika pansalu, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Pobwera anatsuka mapoto awo onse, anawalowetsa lina m'linzake, anawamanga m'chitenje. Anazimitsa moto ndi madzi, chinthu chimene sankachita.

"Atate a Lameki, ine ndikupita ku Mnkhanya. Mpunga wa amayi wayamba kucha, mbalame zachuluka."

"Mubwera liti?"

"Sindinabwere kuno kudzadyetsa ana zimene atate awo amwa."

Anasenza mapoto, anatenga mwana wathu wamng'ono, n'kupita. Lameki ndi mng'ono wake anatsala ndi ine chifukwa cha sukulu.

Ndinalimba mtima masabata atatu. Ndinkati abwera okha. Kuseri kunamera udzu. A Mwanza ankachepetsa liwiro, kuyang'ana pansi pa mango, n'kupitirira. Ndipo m'pamene ndinaona chinthu chochititsa manyazi: popanda tiyi ndi mpunga uja, ndalama yogulira ufa wa kunyumba inkasowa. Nthawi yonseyo ine ndinkayesa kuti bala ndiyo ikutidyetsa. Ayi. Bala inkangodzidyetsa yokha. Ife tinkadya za kukhomo la kuseri.

Loweruka lina ndinabwereka njinga. Ndinanyamuka dzuwa lisanatuluke, nkhungu ili m'madambo. Panjira ndinapeza njovu zitatu zitaima pakati pa msewu, zikuthyola nthambi mosafulumira. Ndinatsika, ndinakhala patali pachulu, kudikira. Munthu sungauze njovu kuti ndili ndi mlandu kwa apongozi, ndipatseni njira. Ndinakhala pamenepo mwina ola lathunthu, ndipo mawu onse okometsera amene ndinakonza anathawa limodzilimodzi. Pamene njovu zinalowa m'tchire ndinatsala ndi mawu ochepa, oona okhaokha.

Ndinawapeza kudambo. Mpunga unali utafiirira, ukuweyuka ndi mphepo kuyambira pamene ndinaima mpaka kumitengo ya kutali. Iwo anaima pakatikati pa nsanja ya mitengo, chingwe cha zitini m'manja. Akakoka, zitini zinkalira, mbalame n'kudzuka zonse pamodzi ngati utsi, kuzungulira kumwamba, n'kukateranso kwina. Ndinaima nthawi ndithu ndikungowayang'ana. Ndinaiwala kuti ndi mayi wa ana atatu. Ndinaona mtsikana uja amene anaseka Chikunda changa.

Ndinavula nsapato, ndinalowa m'matope.

"Mwaswera bwanji, Amake Lameki?"

"Ndaswera. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino. Akuonda. Ndikuwaphikira supu."

Pakamwa pawo panagwedezeka ngati akufuna kuseka, koma anakoka chingwe, zitini zinalira.

"Ndinalakwa," ndinatero. "Munandifunsa ngati amaima, ine sindinayankhe. Saima. Ndataya ndalama zanga, ndataya thonje lanu. Sindikufuna kutayanso inu."

Mbalame zinatera, iwo sanakoke.

"Makireti?"

"Yotamu awatenge. Akafune malo ake kumsika."

"Matebulo aja atuluke panja, pansi pa mango. Anthu akhale ngati anthu, osati pachitsa."

"Atuluka."

"Ndipo inu muziphika. Manja muli nawo, Mulungu anakupatsani. Koma muziphikira anthu amene ali ndi njala, osati amene ali m'mutu mwanu."

Ndinavomera. Anandiyang'ana kuchokera pansanja paja, n'kundipatsa chingwe.

"Gwirani. Sindichoka mpunga wa amayi usanalowe m'nkhokwe."

Ndinapirikitsa mbalame masiku asanu ndi limodzi, ine Shefu wa m'makampu, apongozi akundiyang'ana pakhonde. Tinabwerera pangolo ya mnansi, ndi matumba anayi a mpunga ndi mapoto aja.

Kuyambira pamenepo zaka zinayenda mofatsa, moti ndikazikumbukira zimasakanikirana ngati mitambo. Anthu anabwerera, poyamba a Mwanza, kenako amayi a pamsika, pomalizira anamwino. Nsalu zoyera zinasanduka malaya a sukulu. M'firiji munalowa madzi, munkoyo ndi nsomba. Ine ndinayamba kuphika mabanzi m'dzenje ngati kale, ndipo madalaivala ankagula a m'njira. Tinaphunzira kuyenda ndi nyengo. Pokolola tinkagula mpunga ndi nyemba zikadali zotchipa, kusunga. M'chilimwe tinkagwira ntchito ngati nyerere, kuyanika masamba, kuwamba nsomba. Dzinja likafika tinkaphika poto mmodzi yekha, osadandaula, n'kupita kumunda. Ambuya anu ankati malonda nawonso amafuna kugona, bola osawadzutsa ndi njala. Tala anafika, magetsi anafika, malo odyera anachuluka, ena a magalasi ndi ma TV. Ambiri anatsegula m'chilimwe n'kutseka m'dzinja. Ife tinalipobe.

Tamara, iwe unali kumsana pamene ambuya anu anayamba kudwala, sungakumbuke. Miyendo inatupa, mpweya unkawachepera. Kuphika anasiya, koma kukhala kunyumba anakana. M'mawa uliwonse Lameki ankawanyamula panjinga, n'kuwakhazika pampando wa nsungwi pakhonde, poonekera msewu. Pamenepo ankaona munthu akadali kutali n'kundiuza chimene adzapemphe. "Uyo ndi wa tiyi wopanda mkaka." "Awo awiri agawana mbale imodzi, muwapatse masipuni awiri asanapemphe." Sankaphonya.

Tsiku lina la m'dzinja, kumwamba kutada cha kumapiri, kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Tinangokhala awiri, tikuyang'ana msewu wonyowa. Patali panatulukira munthu akukankha njinga, thumba la makala kumbuyo, tcheni chikulendewera.

"Atate a Lameki," anatero motsitsa, "uyo wachokera kutali, ndipo makala ake anyowa, sagula munthu lero. Adzapempha mpunga ndi nyemba, theka. Mumuikire mbale yodzaza, ndi mutu wa mlamba pansi pa mpunga. Musamufunse kanthu."

Munthuyo anafika, anatsamiritsa njinga pamtengo, anapereka moni. Anafufuza m'thumba nthawi yaitali. Kenako anati, "Mpunga ndi nyemba, bambo. Theka chabe."

Ndinachita monga anandiuzira. Anadya mofulumira, mutu uli pansi. Supuni itagunda mutu wa nsomba uja anaima. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Ine ndinaloza ndi chibwano kukhonde. Anatembenuka kuti athokoze, koma ambuya anu anali atagona, dzanja patsaya, madontho oyamba akugwa pamalata limodzilimodzi. Munthuyo anavula chipewa, n'kumaliza kudya mwakachetechete kuti asawadzutse.

Patapita sabata ziwiri anatisiya, tinakawaika ku Mnkhanya. Msewu unali woipa, galimoto zina zinabwerera panjira. Koma titafika kumanda ndinamuona munthu uja ataima kumbuyo kwa anthu, matope mpaka m'maondo, njinga ili m'manja. Anaponya dothi lake, anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kupita. Dzina lake sindinalidziwe mpaka lero.